Pampu ya nsomba ikamasowetsa tulo, musathamangire kuizimitsa

M'nyumba zambiri za mu Lusaka, kuyambira m'mafulati a ku Kabwata mpaka m'mipanda ya ku Kabulonga ndi Woodlands, thanki yagalasi yowetera nsomba yasanduka chokongoletsera pabalaza. Masana palibe amene amadziwa kuti thankiyo ili ndi mawu, chifukwa maminibasi ndi wailesi zimakhala zili pakalapakala. Koma kunja kukati zii, kulira kwa pampu kumamveka mpaka kuchipinda. Ambiri amadzuka n'kukaizimitsa, m'mawa n'kupeza nsomba zikupumira m'mwamba.

Phokoso la pampu silingagonthetse munthu m'khutu. Chimene limawononga ndi tulo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 1999, linati phokoso losalekeza la m'chipinda chogona lisapitirire madesibelo 30, omwe ndi mlingo wa mawu a munthu wonong'ona. Khutu limamvabe ngakhale mwini wake ali mtulo. Phokoso lausiku limatha kufulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kupepuza tulo munthu osadzidzimuka n'komwe, ndipo amadzuka thupi lili lefu osadziwa chamutopetsa.

Phokoso limachokera kuti?

Magetsi a kampani ya ZESCO amayenda mobwerezabwereza maulendo 50 pasekondi iliyonse. M'kati mwa pampu ya mpweya muli waya wokulungidwa amene amakoka ndi kukankha kamaginito, ndipo kamaginitoko kamagwedeza kalabala kopopa mpweya motsatira liwiro lomwelo. N'chifukwa chake pampu imalira ndi mawu a besi, amene amadutsa m'makoma ndi m'simenti mosavuta kusiyana ndi mawu a nthetemya.

Komatu nthawi zambiri cholira kwambiri si pampuyo, koma chimene yakhalapo. Ikakhala pa kabati yathabwa yopanda kanthu m'kati, kabatiyo imakuza mawu ngati ng'oma. Yesani kuinyamula m'manja ikugwira ntchito. Phokoso likachepa pomwepo, vuto lapezeka. Iyikeni pa siponji yokhuthala kapena pa thaulo lopindapinda, ndipo onetsetsani kuti siikukhudza khoma, galasi kapena mwendo wa tebulo. Musaifunditse nsalu poganiza kuti muitseka pakamwa, chifukwa imafuna kukoka mpweya komanso imatentha. Kwa okhala m'mafulati, siponji yomweyo imapulumutsanso anzanu a m'munsi, omwe amalandira kunjenjemera kodzera m'simenti.

Madzi a mu Lusaka nawo ali ndi mbali yawo. Mzindawu unamangidwa pa miyala ya laimu ndi dolomite, choncho madzi a m'zitsime zokumba ndi makina, zomwe mabanja ambiri amadalira, amakhala ndi laimu wambiri, yemwe uja amayeretsa pansi pa ketulo. Laimuyu amatseka timabowo ta kamwala kotulutsa thovu m'madzi. Pampu ikamakankha mpweya pamalo potsekeka imalira kwambiri, ndipo kalabala kake kamang'ambika msanga. Mu fyuluta yosefa madzi namo muli kachitsulo kozungulira kokhala ndi timapiko, komwe kamayamba kukhokhocha laimu kapena mchenga ukakanirira. Kachotseni, kaviikeni mu viniga, katsukuluzeni bwino ndi madzi, n'kukabwezera. Koma siponji ya m'kati mwa fyuluta muziitsukira m'madzi otunga m'thanki momwemo, chifukwa klorini wa m'madzi apampopi amapha tizilombo tothandiza tokhala mmenemo.

Nyengo yotentha ya September ndi October madzi amaphwera msanga. Akatsika, otuluka mu fyuluta amagwa kuchokera patali n'kumachita kuti khwa khwa usiku wonse. Kungowonjezera madzi mpaka pamlingo wake kumathetsa zimenezi.

Magetsi akamathimathima

Chilala cha mu 2024 chinatsitsa madzi m'damu la Kariba, ndipo madera ambiri a mu Lusaka ankakhala mumdima maola ochuluka tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo mabanja ambiri, ku Chelstone ngakhalenso ku Kabulonga, anagula ma invata ndi mabatire. Invata yotchipa imatulutsa magetsi odumphadumpha, osasalala ngati a ZESCO, ndipo timakina timalira kwambiri ndi kutentha tikamagwiritsa ntchito magetsi otere. Pogula funsani yolembedwa kuti pure sine wave.

Magetsi akathima, madzi amatha kubwerera m'chubu n'kulowa mu pampu ya mpweya ngati ili pansi. Iyikeni pamalo okwera kuposa madzi, kapena ikani kavavu koletsa madzi kubwerera. Magetsi akayaka, fyuluta imatha kulira chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'kati. Ipendeketseni pang'ono kuti thovu lituluke.

Nsomba nazo zimamva

M'madzi mawu amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pasekondi, pomwe mumpweya amathamanga mamita 340 okha. Nsomba zili ndi makutu m'kati mwa mutu, komanso mzere wa m'mbali mwa thupi umene umamva kugwedezeka kwa madzi. Nsomba za goldfish zimamva kwambiri chifukwa zili ndi timafupa tolumikiza khutu ndi kathumba kawo ka mpweya, timene katswiri wa ku Germany, Ernst Heinrich Weber, anatifotokoza mu 1820. Akatswiri anapeza kuti phokoso lalikulu lokhalitsa limazifooketsa makutu ndi kuzisowetsa mtendere. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zimawetedwa m'mathanki padziko lonse, zamphongo zimatulutsa timawu pokopa zazikazi. Fyuluta yogunda galasi usana ndi usiku imakhala ikulira m'makutu mwa nsomba zomwe zilibe kothawira.

Ngakhale zili choncho, kuzimitsa makina usiku kumaika moyo wa nsomba pachiswe. Lusaka ali pamalo okwera pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera madzi amasunga okosijeni wocheperapo. Akatentha amasunga wochepa kuposa apo. Usiku zomera za m'thanki zimaleka kupanga okosijeni n'kuyamba kulimbirana ndi nsomba wochepa yemweyo. Tizilombo ta mu fyuluta, tomwe timasungunula amoniya wochokera ku ndowe za nsomba, natonso timafuna madzi oyenda kuti tikhale ndi moyo.

Ngati mwayala siponji, mwatsuka laimu, mwawonjezera madzi koma pampu ikulirabe, sinthani kalabala kake kapena gulani pampu yolingana ndi kukula kwa thanki yanu, pakuti yaikulu mopitirira muyeso imangochulutsa phokoso. Zikakanika zonse, samutsirani thankiyo kutali ndi chipinda chogona, makamaka cha ana, koma pampu isiyeni izigwira ntchito.