Sewero Likasanduka Filimu, Ndani Atsala, Ndani Achotsedwa?

Ngati munakulira mu komboni iliyonse muno mu Lusaka, Sarafina! munaionapo, kaya pa TV ya aneba kaya pa foni. Koma ambiri sadziwa kuti isanakhale filimu, inali sewero la pa siteji. Mbongeni Ngema ndiye analilemba, ndipo linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987. Mu 1988 linafika ku Broadway, ku New York. Nkhani yake ndi ya ana a sukulu a ku Soweto amene anaukira boma la apartheid mu 1976.

Manje funso ndi ili: sewero likagunda, anthu a ndalama nkubwera ati tipange filimu, amene anavutika nalo pa siteji amapita nalo kapena amawasiya pa siteshoni?

Yankho silikhala lokoma nthawi zonse. Filimu imadya ndalama maningi, ndiye amene aikamo ndalama afuna nkhope yodziwika kale, yoti anthu agulire tiketi. Chinanso, siteji ndi kamera ndi nchito ziwiri. Pa siteji ukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa ku mpando wakumbuyo akumve. Kamera imabwera pafupi ndi nkhope, diso likangonama chabe, aliyense aona. Ndiyeno pali zaka: munthu angasewere mwana wa sukulu pa siteji zaka zambiri, koma kamera sibisa msinkhu.

Onani zimene zinachitika ku My Fair Lady. Julie Andrews ndiye anali Eliza Doolittle ku Broadway kuyambira mu 1956, ndipo anthu anamukonda. Pofika popanga filimu ya mu 1964, bwana wa situdiyo, Jack Warner, anatenga Audrey Hepburn chifukwa dzina lake linali lalikulu kale mu mafilimu. Rex Harrison, mnzake wa Andrews pa siteji, anatsala pa malo ake. Mavuto anabwera pa kuimba: nyimbo zambiri za Hepburn mu filimuyo anaimba ndi Marni Nixon. Andrews uja wosiyidwa anapita kukasewera Mary Poppins, nkutenga Oscar ya mkazi wosewera bwino koposa. Hepburn sanalowe nkomwe pa mndandanda. Koma musafulumire kuseka Warner, chifukwa filimu yake inatenga ma Oscar 8. Mwa ndalama anawina, ngakhale mtsikana amene anamanga Eliza anamutseka kunja.

Sarafina! inayenda njira ina. Mu filimu ya mu 1992, imene anatsogolera Darrell Roodt ndipo Anant Singh ndiye anali wopanga, Leleti Khumalo sanachotsedwe. Mtsikanayu, wobadwa mu 1970, ndiye anali Sarafina kuyambira pa siteji, mpaka anaikidwa pa mndandanda wa mphoto ya Tony mu 1988. Dzina lalikulu logulitsa filimu kunja analipeza ndithu, koma analiika pambali pake. Whoopi Goldberg, amene anali atangotenga Oscar chifukwa cha Ghost, anasewera mphunzitsi Mary Masombuka. Miriam Makeba anakhala mayi wake wa Sarafina, John Kani mphunzitsi wamkulu, ndipo Ngema mwini wake anavala yunifomu ya wapolisi Sabela.

Mwaona nzeru yake? Wa ku America anagula tiketi kuti aone Whoopi, koma potuluka anali atamudziwa Leleti. Ndipo nkhani ya ana a ku South Africa inanenedwa ndi mwana wa ku South Africa, mawu ake ndi kavinidwe kake zili zakwawo.

Izi sizili kutali ndi ife. Pali mtsikana uja amene mumakwera naye basi ya ku Matero, amene akaweruka ku nchito athamangira ku rihesalo, nthawi zina alibe na ya transipoti yobwerera. Gulu lawo likapeza mwayi wa kamera, mantha ake ndi amodzi: kuti malo ake apatsa wina amene ali ndi omutsatira ambiri pa Facebook kapena TikTok.

Ngati ndimwe mtsikana ameneyo, kapena mnyamata wa gulu ngati limenelo, yambani manje kuzolowera kamera. Dzijambuleni pa foni, muone pamene nkhope yanu ichita mopitirira, muphunzire kulankhula motsitsa koma momveka. Ndipo musanathire thukuta miyezi yambiri pa sewero, funsani poyera kuti likapita pa filimu malo anu ali pati, mulemberane. Za pakamwa zimauluka ndi mphepo.

Ngati ndimwe amene musankha osewera, dzina lalikulu mungalifune, palibe akukanizani. Koma musanachotse munthu amene anapatsa sewero lanu moyo, yang'anani kaye ngati mulibe malo ena oikapo nyenyeziyo, monga anachitira ndi Whoopi Goldberg.