MIPENI YA MAFUMU A KU INDIA NDI ZITHUNZI ZACE

Anthu a mu Ndola, kuyambira ku Kansenshi kufikira ku Masala, adziwa Amwenye monga anthu a malonda a m'sitolo. Makolo a ambiri a iwo anacokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Koma owerengeka okha ndiwo anamvapo za mfumu Akbar, imene inagonjetsa Gujarat yemweyo m'zaka za 1572 ndi 1573. Akbar analamulira kuyambira 1556 kufikira 1605, ndipo ngakhale sanadziwe kuwerenga, anasunga amisiri ojambula oposa 100 pa bwalo lace. Iwowa anajambula nkhondo zace, maulendo ace a kusaka nyama ndi misonkhano ya nduna, pa masamba a buku la mbiri yace lochedwa Akbarnama. Zithunzi 116 za bukulo zisungidwa mu Victoria and Albert Museum ku London.

Munthu wopenyetsetsa zithunzizi apeza kanthu kamodzi kabwera-bwera. Mfumu, nduna ndi asilikari, ambiri a iwo ali ndi mpeni wopisidwa m'lamba wa nsalu wa m'cuuno.

Mpeni wodabwitsa koposa ndiwo wochedwa katar, kapena jamdhar. Sugwiridwa monga mpeni wa kuno. Kumbuyo kwace kuli tizitsulo tiwiri totsata mbali ziwiri za mkono, ndipo pakati pace pali kamtanda kopingasa kamene mwini afumbata. Motero mpeniwo uima kutsogolo kwa nkhonya, ndipo wolasa alasa monga munthu womenya nkhonya, ndi mphamvu ya phewa lonse. Osula ena anakhuthalitsa nsonga yace kuti iboole malaya a unyolo amene asilikari anabvala. Wina ndiwo khanjar, wopindika pang'ono, wakuthwa konse-konse. Umenewu ndiwo unakometseredwa kwambiri, pakuti cigumbu cace cinasemedwa ndi mnyanga kapena mwala wolimba wochedwa jade, napsirapo golidi ndi miyala yofiira ya mtengo wapatari.

Zithunzizo nzazing'ono, zokwana pa tsamba limodzi la buku, ndipo mpeni wojambulidwamo suposa cikhadabo m'litali mwace. Komabe wojambula, ndi kaburashi ka ubweya wa gologolo, anaonetsa timiyala ta pa cigumbu kamodzi-kamodzi. Utoto wambiri unacokera m'miyala yopera. Wobiriwira wina unali wa malachite, mwala wa mkuwa wa mtundu womwe uja unapezeka pa Bwana Mkubwa.

Cifukwa ninji ojambula anadzibvuta cotere ndi kanthu kakang'ono? Cifukwa mpeniwo unali cizindikiro ca ukulu. Mfumu ikakondwera ndi nduna, inkaininkha cobvala caulemu, kavalo, kapena mpeni wa miyala, ndipo onse a pa bwalo anadziwa poona cuuno ca munthu kuti aima pati pamaso pa mfumu. Wojambula akanapatsa kapolo mpeni wa mwana wa mfumu, ukanakhala mwano.

Kusamala kumeneko kwathandiza ophunzira za kale. Mu 1739 Nadir Shah wa ku Persia anafunkha mzinda wa Delhi, natenga cuma ca mafumu, ndipo zinthu zina zambiri zinamwazika m'zaka zotsatira. Mipeni yocuruka yotsala siikhala ndi dzina kapena caka, koma mabuku a zithunzi nthawi yace idziwika. Buku la Padshahnama, mbiri ya Shah Jahan amene analamulira kuyambira 1628 kufikira 1658, lisungidwa ku Windsor Castle. M'menemo zigumbu zosemedwa ngati mutu wa nyama zioneka pa anthu owerengeka, monga ana a mfumu Dara Shikoh ndi Shah Shuja. M'zithunzi za pambuyo pace zicuruka. Potero mpeni wa mutu wa kavalo wopanda colembedwa cili conse upatsidwa nthawi yace ndi umboni wa zithunzi.

Koma ulipo mpeni umodzi wosasowa mboni yotere, ndipo nkhani yace iyenera kukondweretsa anthu a ku migodi. Mu 1621, m'masiku a Jahangir, mwana wa Akbar ndi atate wa Shah Jahan, cinthu cowala cinagwa kucokera kumwamba ndi mkokomo waukuru m'dera la Jalandhar. Mkulu wa deralo anakumbitsa pamalopo, ndipo anapeza cidutswa ca citsulo cikali cotentha, colemera pafupi-fupi makilogiramu awiri. Anacitumiza kwa mfumu. Jahangir anacicha citsulo ca mphezi, nalamula mmisiri wace Ustad Daud kuti asule naco zida.

Mmisiriyo anabweza mau kuti citsuloco sicilola nyundo, koma cingosweka. Wosula ali yense adziwa bvuto limeneli, ndiponso adziwa kuti kunena cotero kwa mfumu kufuna mtima. Jahangir anamlola kusakaniza. Tsono anaphatikiza magawo atatu a citsulo ca kumwamba ndi gawo limodzi la citsulo wamba, ndipo cinagwirana. Panaturuka malupanga awiri ndi mipeni iwiri, ndipo mfumu yokha inalemba nkhaniyi m'buku la zikumbutso zace. Mpeni wa caka cimeneco, wokhala ndi dzina la Jahangir lolembedwa ndi golidi pa citsulo cace, usungidwa mu Freer Gallery ku Washington.