Kusankha Chikwama cha Kamera

Nkhani yathu ya lero ndi ya inu amene mumajambula zithunzi, makamaka inu amene kamera ndiyo khasu lanu: ojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ojambula ku mpira, ndi atolankhani omwe. Ambiri a inu munasunga ndalama miyezi yambiri kuti mugule kamera, ndipo pogula munafunsa mafunso osawerengeka. Koma mutagula, kamerayo munailonga m'chikwama cha mwana wa sukulu pamodzi ndi makiyi ndi botolo la madzi, nimukwera minibasi. Kamera siionongeka kawirikawiri iri m'manja mwa mwini wake. Imaonongeka pa ulendo, ndiponso pamene iri chigonere m'nyumba. Ndicho chifukwa chake tiyenera kukambirana za chikwama.

Musanapite kusitolo, yalani mphasa pansi, nimuikepo zinthu zimene mumanyamula pa tsiku la nchito. Sindiri kunena zonse zimene muli nazo ai, koma zokhazo zimene mumatenga popita ku ukwati Loweruka m'mawa. Ziikeni pa sikelo ngati mungathe. Kamera yaikulu monga Canon EOS 5D Mark IV imalemera pafupifupi magalamu 900. Lenzi, ndiyo diso la kamera lija, nayo iri ndi kulemera kwake: ya 24-70 mm f/2.8 iri ngati magalamu 800, ndipo yaitali ya 70-200 mm f/2.8 yokha iri pafupi ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Mukaonjezapo fulashi ndi mabatire mwafika pa makilogalamu 4, chikwama chenichenicho tisanachiwerengere. Katundu ameneyu mudzamsenza kuyambira kutchalitchi kufikira nthawi ya perekaniperekani. Poyesa kukula kwa kamera, iyeseni lenzi iri pompo, pakuti palibe wojambula wa nchito amene ali ndi nthawi yomanga ndi kumasula lenzi akwati ali kutuluka pakhomo. Ndipo musakopeke ndi chikwama chachikulu kopambana. Chikwama chachikulu chiri ngati nkhokwe, mwini wake sakondwa kuiona iri ndi malo. Mudzayamba kuthiramo zinthu zosafunika, ndipo msana wanu ndiwo udzalipira.

Tsono mitundu ya zikwama ndi yambiri, koma mtundu uli wonse unabadwa chifukwa cha ulendo wa munthu wina. M'chaka cha 1976 Jim Domke, amene anali wojambula wa nyuzipepala ya Philadelphia Inquirer ku America, anatulutsa chikwama cha nsalu yolimba chokoleka paphewa, chifukwa mtolankhani amafuna kupisa dzanja ndi kutenga lenzi ali chiimire, osaika katundu pansi. Ku England, a Billingham anayamba m'chaka cha 1973 kusoka zikwama za anthu owedza nsomba, ndipo ataona kuti ojambula a ku New York ndiwo ali kuzigula, anasandutsa nchito yao kukhala ya zikwama za makamera. Greg Lowe wa ku Colorado, amene anayambitsa zikwama za Lowepro, iye anali munthu wokwera mapiri, kotero maganizo ake anali pa katundu woberekera kumbuyo. Sinditchula maina amenewa kuti mukagule zomwezo, pakuti mtengo wake ndi wokwera ndipo sizipezeka pali ponse. Ndifuna muone kuti anthu amenewa anayamba ndi funso lakuti, kodi ine ndimayenda bwanji? Inunso yambani ndi funso lomwelo.

Ngati nchito yanu ndi ya m'holo ndi m'tchalitchi, chikwama cha paphewa ndicho chachangu. Kuipa kwake ndi kwakuti katundu yense amatsamira phewa limodzi, ndipo mukawerama chimatsetsereka n'kubwera kutsogolo. Koma ngati mumayenda mtunda wautali pansi, kapena pa njinga ya kabaza, kapena mumaperekeza alendo ku phiri la Mulanje, tengani choberekera kumbuyo, ndipo chikhale ndi lamba wa m'chiuno, kuti kulemera kutsikire m'chiuno osati m'mapewa mokha. Ichi nacho chiri ndi bvuto lake: kuti mutenge kanthu muyenera kuchibvula ndi kuchiika pansi, kapena pamatope. Pali zina zimene zimatsegukira mbali yogunda msana wanu. Zimenezi ndimazikonda ine, chifukwa munthu woyenda pambuyo panu mumsika sangathe kukoka zipi. Mtundu wachitatu ndiwo bokosi lolimba la pulasitiki lokhala ndi mphira pamilomo, monga mabokosi a Pelican, kampani imene inayamba ku California m'chaka cha 1976. Bokosi lotere ndi la pabwato ndi la kumbuyo kwa lole pa mseu wa pfumbi. Pa ukwati lingokutopetsani.

Popita kukagula, tengani kamera yanu. Wogulitsa amene akana kuti muyeseremo kamera, msiyeni. Choyamba pisani dzanja nimutsine pansi pa chikwamacho ndi chala chachikulu. Pansi ndipo pofunika koposa, chifukwa chikwama chikagwa chimagwera pansi, ndipo tsiku liri lonse mumachiika pa simenti. Ngati zala zanu zikumana mosabvuta, siponjiyo ndi yachabe. Siponji yabwino imakana pang'ono, niibwerera m'malo mwake. Kenaka longanimo zinthu zanu, chiri chonse m'chipinda chake, mutseke, nimugwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kugogoda, ndiye kuti galasi ndi chitsulo ziri kumenyana, ndipo zidzamenyana chomwecho ulendo wonse wochokera ku Lilongwe kufikira ku Mzuzu. Yang'ananinso pamene lamba walumikizana ndi chikwama. Ulusi uyenera kusokedwa mobwereza, m'mbali zonse ndi mopingasa, pakuti pamenepo ndipo zikwama zotsika mtengo zimayambira kuthothoka. Zipi ikhale ya mano akulu. Zipi zolembedwa YKK, za kampani ya ku Japan, zimadziwika ndi kulimba, ngakhale masiku ano zonamizira ziriponso. Kanthu kena kamene ambiri sakaganizira ndi mtundu wa nsalu ya m'kati. Zinthu za kamera pafupifupi zonse ndi zakuda. Ngati m'kati mwa chikwama mulinso mwakuda, kufuna kakhadi kosungira zithunzi m'holo ya mdima kudzakhala ngati kufuna nthata usiku. Sankhani cha m'kati motuwa kapena mowala.

Zipupa zogawa zipinda m'kati zimamatidwa ndi kansalu kokanirira kotchedwa Velcro. Munthu wa ku Switzerland, George de Mestral, anakatulukira ataona m'chaka cha 1941 momwe njere za kutchire zinakanirira ku ubweya wa galu wake, monga chisoso chimachitira ku buluku lanu. M'kati kansaluka ndi kabwino, chifukwa mungathe kusuntha zipupa monga mwa kukula kwa zida zanu. Koma ngati chibvundikiro cha kunja chimatsekedwanso ndi Velcro, taganizirani phokoso lake potsegula pamene abusa ali kulumbiritsa akwati, tchalitchi chonse chiri zii. Chotseka ndi lamba ndi chabwino pa nchito yotere.

Tibwere tsopano ku nyengo, pakuti apa ndipo pali nkhani yaikulu. Wogulitsa adzakuuzani kuti chikwama chake sichilowa madzi. Kawirikawiri chimene ali kunena ndi chakuti nsaluyo siimwa madzi msanga. Koma mvula siilowera pa nsalu. Imalowera pa zipi ndi pa mabowo a singano. Chifukwa chake funani chikwama chimene chibvundikiro chake chimaphimba zipi, kapena chokhala ndi kachipewa kake ka mvula kobvalika pamwamba ponse. Ngati palibe, jumbo yaikulu yolimba yopindidwa m'kathumba ka m'mbali idzakuthandizani. Kuyambira November kufikira April musatuluke opanda chimenechi, ndipo inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre mukudziwa kuti chiperoni cha mwezi wa June ndi July chimanyowetsa munthu osamva dontho. M'miyezi ya September ndi October mdani ndi pfumbi. Pfumbi likalowa m'chikwama limakhala m'makona, ndipo tsiku limene musintha lenzi limalowa m'kamera n'kuoneka ngati timadontho pa chithunzi chiri chonse. Mchenga wa kunyanja ndiye woipa koposa, chifukwa umakanda galasi ndi kukukuta zozungulira za lenzi. Mukabwerako, khuthulani zonse, mutembenuze chikwamacho nimuchikutumule.

Komatu mverani bwino ichi. Chikwama chimene chimaletsa madzi kulowa chimaletsanso chinyontho kutuluka. Mwajambula tsiku lonse m'nyengo ya dzinja, lamba wanyowa ndi thukuta, nsalu yamwa mvula pang'ono. Mwafika kunyumba mwatopa, nimukankhira chikwamacho pansi pa bedi chiri chitsekere kufikira ukwati wina. M'menemo muli mdima, muli chinyontho, mphepo siipita. Izi ndizo zimene chuku chimafuna, chuku cha mtundu womwewo wa chimene chimagwira nsapato ndi mtedza wosauma. Chinyontho cha mumpweya chikakhala pamwamba pa magawo 70 pa 100 kwa masiku angapo, chuku chingathe kuyamba kumera m'kati mwa lenzi. Poyamba simudzaona kanthu. Kenaka mukaunika lenzi ndi tochi mudzaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, ndipo zithunzi zidzayamba kutuwa ngati zojambulidwa mu utsi, makamaka poyang'ana kowala. Kupukuta ndi nsalu sikuthandiza, pakuti chukucho chiri pakati pa magalasi, ndipo kuti chichoke lenzi iyenera kumasulidwa ndi mmisiri. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene umakutira galasi, ndipo chipsera chimenecho sichichoka ngakhale mmisiri atapukuta bwanji. Inu okhala m'mbali mwa nyanja, monga ku Nkhata Bay, ndi inu a kumalo a tiyi, bvuto limeneli ndi lanu kuposa anzanu.

Nanga izi zikhudza bwanji kasankhidwe? Choyamba, chikopa ndi nsalu ya thonje zimasunga chinyontho nthawi yaitali kuposa nayiloni. Chikwama cha chikopa ndi chokongola ndithu, ndipo chimapatsa ulemu, koma kwathu kuno m'dzinja chimafuna mwini wosamala. Chachiwiri, sankhani chikwama chimene chimatseguka kwambiri, ndipo zipupa zake zimachoka, kuti muzitha kuchiyanika. Chachitatu, mukagula cha pa kaunjika, ndipo zabwino zimapezeka kumeneko, lowetsani mphuno m'kati musanalipire. Chikanunkha ngati chipinda chotsekedwa, chisiyeni, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika motani.

Mukafika kunyumba, kamera ituluke m'chikwama, ndipo chikwama chikhale chotsegula pamalo opita mphepo. Kamera ndi malenzi muziike m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, longa losungiramo chakudya, pamodzi ndi timikanda tomwa chinyontho totchedwa silica gel. Pali tina tosintha mtundu tikakhuta madzi: tachikasu chofiirira timasanduka tobiriwira, tabuluu timasanduka tapinki. Tikatero mungathe kutiumitsa ndi moto wochepa wa mu uvuni, nimutigwiritsenso nchito. Timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato nthawi zambiri timakhala titakhuta kale. Mpunga umene ena amathiramo suthandiza kwenikweni, ndipo umasiya pfumbi lake. Amene ali ndi kachida koyesera chinyontho ayesetse kuti m'bokosimo mukhale magawo 40 kufikira 50 pa 100.

Kwa inu okwera ndege, mau awiri okha. Makampani ambiri amalola katundu wa m'manja wosapitirira makilogalamu 7, kotero funsani musanagule chikwama cholemera chokha. Ndipo mabatire apadera a lithium saloledwa m'katundu wopita pansi pa ndege. Ayenera kukhala nanu m'manja, milomo yao itaphimbidwa kuti isakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Chikwama chokhala ndi timatumba tapadera ta mabatire chiri bwino pa chifukwa chimenechi.

Kapena wina ali kunena mumtima kuti, zonsezi ndi za anthu a ndalama. Iai. Chikwama cholembedwa dzina la kamera ndi zilembo zazikulu chimauza wakuba ali yense pa depoti chimene mwanyamula. Ojambula ambiri ozolowera amakonda chikwama wamba, chakale pang'ono, m'kati mwake ataikamo kabokosi kofewa kogawa zipinda. Kabokosi kotere telala wa pakhonde angathe kukusokerani. Mtengereni kamera ndi malenzi kuti ayese, mumgulire siponji yolimba yochindikala ngati chala, ndi nsalu yosalala yosathothoka ubweya, yowala mtundu. Muuzeni kuti pansi aike siponji ziwiri, ndi kuti kabokosiko kadzaze chikwama bwino lomwe kuti kasamagwedere. Manambala a kamera ndi a lenzi iri yonse muwalembe m'buku limene limatsala kunyumba, kuti zikabedwa mukhale ndi chosonyeza kupolisi. Ndipo m'minibasi, kondakitala akafuna kukulandirani chikwama kuti akachiike kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, kanani mwaulemu. Malo ake ndi pamiyendo panu, lamba mutakulunga kudzanja.