Phungu Wathu Anavota Bwanji? Funso la Othyola Tiyi ku Thyolo

Mtengo wa chimanga ukakwera pa msika wa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa boma la Thyolo, munthu woyamba kutchulidwa m'makomboni a m'maesiteti a tiyi ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mlandu umene amamuimba ndi wakuti anapita ku Lilongwe kukaombera m'manja zinthu zimene zikusautsa anthu amene anamutuma. Dandauloli silochokera m'mutu chabe, pakuti mabanja ambiri ogwira ntchito ku Satemwa, ku Makandi, ku Conforzi kapena ku Naming'omba alibe munda wowadyetsa chaka chathunthu m'boma limene malo ndi osowa chotere, motero amadalira chimanga chogula cha m'chigoba, ndipo mtengo ukasintha m'mawa nsima imachepa madzulo a tsiku lomwelo. Komabe amene ntchito yawo ndi kutsatira zokambirana za m'Nyumbayi amadziwa kuti funso lakuti phungu wakutiwakuti anavota bwanji silikhala ndi yankho lolembedwa nthawi zambiri, ndiponso kuti mitengo yambiri imene amaimbidwa nayo mlandu siidutsa n'komwe pa tebulo la Sipikala.

Nkhani zambiri m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi zimagamulidwa ndi mawu apakamwa. Zokambirana zikatha, Sipikala amapempha ovomereza kuti anene "Aye" ndipo okana anene "No", kenaka iye amaweruza ndi khutu lake mbali imene yamveka kwambiri. Buku lotchedwa Hansard, limene limasunga mawu onse oyankhulidwa m'Nyumbayi tsiku ndi tsiku, limangolemba kuti nkhaniyo yavomerezedwa kapena yakanidwa, osatchula dzina la phungu ndi mmodzi yemwe. Phungu amene anafuula movomereza, amene anatseka pakamwa, ndi amene anali atatuluka kukayankha foni, onsewo amafanana m'bukumo, ndipo aliyense wa iwo angathe kubwerera kumudzi n'kukauza msonkhano kuti iye yekha anakana, popanda pepala lomutsutsa.

Mayina amalembedwa pokhapokha pachitike chimene malamulo a Nyumbayi amachitcha division, kutanthauza kuwerenga mavoti mmodzimmodzi. Izi zimachitika aphungu okwanira akaimirira kutsutsa chigamulo cha khutu la Sipikala, kapena pamene nkhaniyo ikufuna chiwerengero chodziwika, monga kusintha malamulo aakulu a dziko kumene kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Chitsanzo chimene anthu akuluakulu amachikumbukira ndi cha pa 4 July 2002, pamene bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko, imene anaibweretsa Khwauli Msiska wa chipani cha AFORD m'nthawi ya Bakili Muluzi, inapeza mavoti 125 pamene ofunika anali 128, ndipo aphungu 59 anakana. Tsiku limenelo dziko linadziwa amene anaima mbali iyi ndi amene anaima mbali inayo. Koma mabilu a msonkho ndi a ngongole, amene ndiwo amakhudza thumba la wothyola tiyi, kawirikawiri amadutsa mwa mawu apakamwa, nthawi zina angapo masana amodzi pamene mkumano uli pafupi kutsekedwa. Ku London ndi ku Washington mayina a ovota pa nkhani zikuluzikulu amaikidwa pa intaneti posachedwa, ndipo n'chifukwa chake kumeneko wopikisana naye amatha kumuwerengera phungu mavoti ake pa kampeni; kuno mwambo wotero sunazike mizu.

Ngakhale mayina atalembedwa, voti ya phungu imakhala itapsa kale asanalowe m'Nyumbayi. Chipani chilichonse chimayamba chakumana pachokha, ndipo mkulu wosungitsa mwambo pakati pa aphungu ake amaonetsetsa kuti onse ayankhule chimodzi. Aphungu ena amadzikhululukira ponena kuti akatsutsana ndi chipani adzachotsedwa pa mpando kudzera mu gawo 65 la malamulo aakulu, koma chonamiziracho n'chosagwira, chifukwa ndime yachiwiri ya gawo lomwelo imapatsa phungu aliyense ufulu wovota monga afunira ndipo imaletsa kulanda mpando wake chifukwa chongovota mosiyana ndi chipani. Chimene amaopa kwenikweni ndi chisankho cha chipulula ndi kutaya mwayi wa unduna. Ku Thyolo mantha amenewa ndi aakulu, popeza bomali ndi kuchimake kwa chipani cha DPP: Bingu wa Mutharika anaikidwa m'manda ku Ndata, ndipo Peter Mutharika anali phungu wa kummawa kwa Thyolo kuyambira 2009 mpaka 2014. Aphungu a chipanichi anakhala mbali ya boma kuyambira 2014, anapita mbali yotsutsa mu 2020, ndipo anabwereranso mbali ya boma pambuyo pa chisankho cha pa 16 September 2025. Wowerenga Hansard wa zaka zosiyanasiyana amaona kuti kulira kwa kukwera mitengo kumachokera mbali yotsutsa nthawi zonse, kaya kwakhala chipani chanji, ndipo mbali ya boma imaloza chala nkhondo za kunja ndi nyengo.

Zikuluzikulu zimene zakweza mitengo m'zaka zapitazi sizinavoteredwe ndi phungu aliyense. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pafupifupi 1,700, ndipo zonsezi zinalengezedwa ndi banki yaikulu ya Reserve, kwachiwiriko boma lili m'kati mofunafuna ngongole ku bungwe la IMF. Mitengo ya mafuta a galimoto ndi magetsi imakhazikitsidwa ndi bungwe la MERA. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka amalengezedwa ndi nduna ya zantchito, monga anakwerera kufika K50,000 pa mwezi mu 2021, K90,000 mu 2024 ndi K126,000 mu 2025. Malipiro a m'minda ya tiyi enieniwo amakambidwa pakati pa bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU, amene anasainirana mgwirizano woyamba wa mtundu umenewu mu 2016. Apa pali mfundo imene wothyola tiyi amaimva m'thupi ngakhale asanaifotokozeredwe: tiyi amagulitsidwa m'madola, kaya pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula akunja, choncho kwacha ikagwa kilogalamu yomweyo imabweretsa makwacha ambiri kwa wogulitsa, ngakhale kuti naye feteleza ndi dizilo zimamukwerera, pamene mayi amene wapachika dengu lake pa sikelo pamaso pa kapitawo amalandira mtengo wakale kufikira tsiku limene mbali ziwirizo zidzakhalenso pansi. M'miyezi ya pakatiyo ndi mmene katapila amalowera m'nyumba.

Izi sizikumasula phungu. Gawo 171 la malamulo aakulu limanena kuti msonkho uliwonse ukhazikitsidwe mwa lamulo, ndiye kuti misonkho imadutsa m'manja mwa aphungu, ngakhale gawo 57 limawamanga manja poletsa Nyumbayi kukambirana bilu yoika kapena kusintha msonkho popanda chivomerezo cha nduna ya zachuma. Phungu wamba sangadzuke n'kubweretsa yekha bilu yochotsa msonkho pa sopo. Mphamvu yake ndi yokana, yochedwetsa, ndi yokakamiza nduna kusintha maganizo. Nkhani ya mafuta ophikira imaonetsa bwino malire a mphamvuyi. Msonkho wa VAT, umene wogula amalipira pa mtengo wa katundu ndipo unali 16.5 peresenti, unaikidwa pa mafutawa mu 2020 ndipo unachotsedwa mu bajeti ya 2022 anthu atadandaula kwambiri, koma amene amagula mafuta oyezera m'timapepala ta pulasitiki pa okala sanaone kusintha kwenikweni, chifukwa mitengo ya kunja inali itakwera ndipo kwacha inagwa patangopita miyezi yochepa.

Pali voti ina imene aphungu amanyadira nayo pa misonkhano, yokweza malire a malipiro osadulidwa msonkho wa PAYE, amene anafika K100,000 mu 2020 ndi K150,000 mu 2024. Kwa mphunzitsi ndi namwino chimenechi chinali chithandizo chenicheni. Koma wolandira malipiro otsikitsitsa anali kale pansi pa malirewo m'zaka zonse ziwirizo, motero sanapindule ndi tambala yomwe, pamene VAT amalipira mofanana ndi manijala wa fakitale akagula chinthu chomwecho m'sitolo. Phungu woimira dera la maesiteti amene amaombera m'manja za PAYE koma n'kukhala chete pa misonkho ya katundu wogula sanawerenge bwino anthu ake.

Bajeti yonse ndi mabilu opempha chilolezo chotenga ngongole ndi pamene pagona udindo waukulu, chifukwa boma likamagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene latolera n'kumabwereka m'dziko momwemuno chaka ndi chaka, chiwongoladzanja chimadya ndalama za mankhwala ndipo mitengo imakwera, monga inakwerera ndi peresenti yoposa 30 m'chaka cha 2024, chilala cha El Niño chitawonjezera pa mabala a namondwe wa Freddy wa mu March 2023. Bajeti ya 2011, imene inafuna kuyendetsa boma popanda kudalira thandizo la kunja ndipo inabweretsa misonkho yatsopano, inadutsa mosavuta popeza DPP inali ndi aphungu ochuluka, ndipo pa 20 July chaka chomwecho anthu anatuluka m'misewu, pafupifupi 20 n'kufa. Kukana bajeti nakonso si chinthu chopepuka, monga zinaonekera mu 2007 ndi 2008 pamene otsutsa anaigwira chifukwa cha mkangano wa gawo 65: m'bajeti momwemo ndi mmene muli feteleza wotsika mtengo ndi malipiro a aphunzitsi, ndipo gawo 178 limalola kuti boma lipatsidwe ndalama zoyendetsera ntchito kwa miyezi inayi yokha.

Chimene chilipo choyezera phungu, tsono, ndi mawu ake ndi mapazi ake. Hansard imaonetsa ngati anayankhulapo pa bilu ya msonkho, ngati anafunsapo nduna ya zantchito za malipiro a m'maesiteti kapena nduna ya zaulimi za chimanga cha ku ADMARC, ndipo makomiti, monga ya bajeti ndi yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma, ali ndi mphamvu yoitana akuluakulu a Reserve ndi MERA kuti adzafotokoze zochita zawo. Vuto n'lakuti zonsezi zili m'Chingerezi, chiyankhulo chimene gawo 51 limafuna kuti phungu azichidziwa koma ambiri omuvotera ku Thekerani ndi ku Masambanjati sachiwerenga. Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu analifafaniza okha mu 1995. N'zosadabwitsa kuti anthu amayeza phungu ndi bokosi la maliro, galimoto yonyamula odwala ndi mlatho wa ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF, popeza zimenezo ndi zimene maso angaone.

Kusintha kofunika sikulira ndalama zambiri ndiponso sikufuna kukhudza malamulo aakulu a dziko. Nyumba ya Malamulo, imene tsopano ili ndi mipando 229, imapanga yokha malamulo oyendetsera zokambirana zake, ndipo ingathe kulamula kuti bilu iliyonse ya msonkho, ya ngongole ndi ya bajeti izivoteredwa potchula mayina, mayinawo n'kuwerengedwa pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chilhomwe. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo mabungwe a ogwira ntchito, mipingo ndi atolankhani a ku Thyolo angathe kuligwiritsa ntchito popempha kaundula wa masiku amene phungu wawo anapezeka m'Nyumbayi ndi m'komiti. Phungu akadzabweranso ku msonkhano wa pa bwalo la mpira la esiteti, afunsidwe ngati ali wokonzeka kuimirira kupempha kuti mayina awerengedwe pa bilu ya msonkho yotsatira, ndipo yankho lake lilembedwe pamaso pa mafumu.