Mlandu wa ligi ya baseball ya 1951 sudaole

Pa 11 Ogasiti 1951 anthu okonda masewero mumzinda wa New York ku America adaona ngati ligi ya baseball yatha kale. Timu ya Brooklyn Dodgers idali pamwamba pa mndandanda itapambana masewero 70 ndi kugonja 36, pamene ya New York Giants, yomwe idali yachiwiri, idali itapambana 59 ndi kugonja 51. Patangotha masabata asanu ndi awiri matimu awiriwa adafanana ndendende, ndipo pa 3 Okutobala ukatswiri udapita kwa Giants. Mpaka lero anthu a ku America amakanganabe za m'mene zidachitikira, makamaka chiululikireni chinsinsi china m'chaka cha 2001.

Masewero ake ndi otani?

Baseball ndi masewero a ndodo ndi kampira kolimba kokula ngati lalanje. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu ndi anayi. Woponya amaima pakati pa bwalo n'kuponya kampirako mwamphamvu kwa mnzake wowakha, amene amanyonyomala kumbuyo kwa womenya wa timu inayo. Womenya akakamenya bwino amataya ndodo n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo. Atha kuima pa ngodya ina n'kudikira kuti mnzake wotsatira amenye, ndipo akabwerera pamene adayambira ndiye kuti timu yake yapeza chigoli chimodzi. Kampira kakamenyedwa mpaka kudumpha mpanda, womenyayo pamodzi ndi anzake onse amene ali pa ngodya amalowetsa zigoli popanda wowaletsa. Kumenya kotereku amakutcha home run.

Womenya amatulutsidwa akaphonya katatu, kampira kakawakhidwa kasadagwe pansi, kapena kakafika pa ngodya iye asadafikepo. Anthu atatu akatulutsidwa matimu amasinthana, omenya n'kukhala oponya. Matimu onse akamenya kamodzikamodzi ndiye kuti ndime imodzi yatha, ndipo masewero amakhala ndi ndime zisanu ndi zinayi. Zigoli zikafanana amaonjezera ndime mpaka wina atapambana.

M'chaka cha 1951 kudali maligi aakulu awiri, National League ndi American League, iliyonse ya matimu asanu ndi atatu. Timu imodzi inkasewera masewero 154 kuyambira Epulo mpaka kumapeto kwa Seputembala, pafupifupi tsiku lililonse. Kumeneko sawerengera mapointi ngati m'mpira wamiyendo, amangowerenga kupambana ndi kugonja. Timu yoyamba yokha ndiyo inkapita ku mpikisano womaliza wotchedwa World Series. Yachiwiri, ngakhale itasewera bwino chotani, inkalongedza katundu n'kumapita kwawo.

Adani a mumzinda umodzi

Giants ndi Dodgers adali matimu a mumzinda umodzi ndiponso a ligi imodzi ya National League, ndipo ankakumana maulendo 22 pa chaka. Giants inkasewerera pa bwalo la Polo Grounds ku Manhattan, Dodgers pa bwalo la Ebbets Field ku Brooklyn. Chidani chawo chidakula m'chaka cha 1948 pamene mphunzitsi Leo Durocher adachoka ku Dodgers chaka chili pakati n'kukayamba ntchito ku Giants.

Dodgers idali ndi akatswiri omveka. Mmodzi adali Jackie Robinson, amene m'chaka cha 1947 adathyola tsankho lomwe linkaletsa anthu akuda kusewera m'maligi aakuluwa. Padalinso wowakha Roy Campanella ndi woponya Don Newcombe, naonso akuda. Mphunzitsi wawo adali Charlie Dressen.

Giants idayamba chaka monyozeka. Pa masewero 14 oyambirira idapambana awiri okha, ndipo idagonja maulendo 11 motsatizana. M'mwezi wa Meyi idatenga mnyamata wa zaka 20, Willie Mays, zinthu n'kuyamba kuongokerako, komabe Dodgers idali itathawa. Kumayambiriro kwa Ogasiti matimuwa adakumana katatu ku Brooklyn ndipo Dodgers idapambana konse. Akuti atatha masewerowo anyamata a Dodgers adaimbira anzawo nyimbo zachipongwe kudzera pa khoma la chipinda chovalira.

Pofika madzulo a pa 11 Ogasiti mpata udali wa masewero 13. Tanthauzo lake n'lakuti, kuti matimuwa afanane, pankafunika masiku 13 oti Giants ipambane kwinaku Dodgers ikugonja, popanda tsiku loti zitembenuke. Giants idali itatsala ndi masewero 44 okha.

Mpata uyamba kuchepa

Kuyambira pa 12 mpaka pa 27 Ogasiti Giants idapambana masewero 16 motsatizana, ndipo mpata uja udatsala wosakwana theka. Oponya ake awiri, Sal Maglie ndi Larry Jansen, adali pamoto, moti aliyense adatsiriza chakacho atapambanitsa timu masewero 23. Monte Irvin ndiye adalowetsa anzake ambiri kuposa wina aliyense mu ligi yonse, zigoli 121.

Dodgers sikuti idagweratu ayi. Pa masewero 48 amene adatsala idapambana 26 n'kugonja 22, zomwe chaka china chilichonse zikadaikwanira. Vuto lidali lakuti Giants pa masewero ake 44 aja idapambana 37 n'kugonja asanu ndi awiri okha, ndipo asanu ndi awiri otsiriza idapambana onse.

Tsiku lotseka ligi, pa 30 Seputembala, matimuwa adalowa m'bwalo ali ofanana. Giants idagonjetsa Boston Braves 3-2 n'kutsiriza msanga. Dodgers idali ku Philadelphia, komwe idatsalira 6-1, kenaka 8-5, koma idabweza mpaka 8-8. Mu ndime ya 12 anyamata a Philadelphia adadzaza ngodya zonse, ndipo Robinson adadziponya pansi n'kuwakha kampira kamene kakadathetsa zonse. Mu ndime ya 14 Robinson yemweyo adamenya home run, Dodgers n'kupambana 9-8. Matimu onse awiri adathera pa kupambana 96 ndi kugonja 58.

Masewero atatu olekanitsa

Malamulo a ligiyo ankati zikatere matimuwo akumane mpaka imodzi ipambane kawiri. Pa 1 Okutobala ku Brooklyn, Giants idapambana 3-1, ndipo zigoli ziwiri zidachokera pa home run ya Bobby Thomson, mbadwa ya mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Woponya amene adamenyedwa adali Ralph Branca. Mawa lake ku Polo Grounds Dodgers idakwapula Giants 10-0.

Masewero otsiriza adachitika pa 3 Okutobala pa bwalo lomwelo pamaso pa anthu 34,320. Ena miyandamiyanda adali pa wailesi, kuphatikizapo asilikali a America amene adali ku nkhondo ya ku Korea. Zigoli zidali 1-1 mpaka ndime yachisanu ndi chitatu, pamene Dodgers idalowetsa zitatu. Giants idabwera kudzamenya komaliza ikutsalira 4-1.

Newcombe, amene adaponya kuyambira pachiyambi, adali atatopa. Alvin Dark adamenya n'kufika pa ngodya yoyamba, Don Mueller naye adamenya. Irvin adatulutsidwa. Whitey Lockman adamenya kampira kamene kadalowetsa Dark, zigoli n'kukhala 4-2, koma Mueller adavulala bondo la phazi pofika pa ngodya yachitatu ndipo adachita kumunyamula, wina n'kulowa m'malo mwake. Apa Dressen adachotsa Newcombe n'kuitana Branca, wovala nambala 13, kuti aponyere Thomson yemwe uja adamumenya dzana lake.

Kampira koyamba Thomson adangokayang'ana. Kachiwiri adakamenya mpaka kukagwera m'mipando ya oonerera. Anthu atatu adalowetsa zigoli ndipo Giants idapambana 5-4. Muulutsi wa pa wailesi Russ Hodges adafuula mobwerezabwereza kuti Giants yatenga ligi, ndipo mawu akewo adasungika chifukwa munthu wina wa ku Brooklyn adawajambulitsa kunyumba. Anzake akutuluka m'bwalo, Robinson adatsalira ataima, kuonetsetsa kuti Thomson waponda ngodya iliyonse. Branca adakalirira pa masitepe a chipinda chovalira. Adali ndi zaka 25.

Mndandanda wa National League udathera motere, kupambana kenaka kugonja:

New York Giants 98, 59
Brooklyn Dodgers 97, 60
St. Louis Cardinals 81, 73
Boston Braves 76, 78
Philadelphia Phillies 73, 81
Cincinnati Reds 68, 86
Pittsburgh Pirates 64, 90
Chicago Cubs 62, 92

Mu World Series Giants idakumana ndi timu yachitatu ya mumzinda womwewo, New York Yankees, yomwe idatenga American League itapambana 98 ndi kugonja 56. Yankees idapambana masewero anayi, Giants awiri.

Chinsinsi cha pa zenera

Mu baseball wowakha ndiye amauza woponya mtundu wa kampira koti aponye, kaya kaliwiro kapena kokhota. Amachita izi ndi zala, atazibisa pakati pa ntchafu kuti womenya asaone. Womenya akadziwiratu chimene chikubwera ndiye kuti theka la ntchito yake latha.

Mphekesera zoti Giants inkaba zizindikirozi zidamveka kwa zaka zambiri, koma nkhani yonse idatuluka mu Januwale 2001 pamene mtolankhani Joshua Prager adailemba m'nyuzipepala ya Wall Street Journal, atacheza ndi osewera a timuyo amene adali akadali moyo. Angapo adavomera. Kuyambira pa 20 Julaye 1951, pa masewero a pa Polo Grounds, munthu ankakhala pa zenera la nyumba yovalira kumapeto kwenikweni kwa bwalo ali ndi telesikopu, chipangizo choonera zinthu zakutali. Amene amatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi Herman Franks, wothandizira mphunzitsi. Akaona zala za wowakha ankadina batani, belu lamagetsi n'kulira pamalo pamene oponya apadera ankakhala. Pamenepo wosewera wina, Sal Yvars, ankapereka chizindikiro kwa womenya.

Thomson adavomera kuti timu yake inkachita zimenezi, koma adakana mpaka imfa yake kuti adauzidwiratu za kampira kotsiriza kaja. Branca adamva za telesikopuyo m'chaka cha 1954 akusewerera Detroit Tigers, ndipo adasunga pakamwa kwa zaka zoposa 40. Nthawi yonseyi dzina lake linkatchulidwa ngati la munthu amene adataya ligi, ngakhale kuti m'chaka cha 1947 adapambanitsa Dodgers masewero 21 ali ndi zaka 21 zokha. Iye ndi Thomson adadzakhala mabwenzi ndipo ankayendera limodzi m'misonkhano ya okonda baseball. Thomson adamwalira mu 2010, Branca mu 2016.

Kodi telesikopu ndiyo idapambana?

Oikira kumbuyo Giants ali ndi mfundo zawo. Nthawi imeneyo padalibe lamulo lolembedwa loletsa zimenezi. Telesikopu inkagwira ntchito pa bwalo lawo lokha, chikhalirecho timuyo inkapambananso koyenda. Amene adafufuza ziwerengero za masewerowo adapeza kuti chimene chidasintha kwambiri pa miyezi yotsirizayo adali maponyedwe, ndipo woponya sathandizidwa ndi telesikopu. Komanso pa 2 Okutobala, pa bwalo lomwelo la telesikopu, Giants idalephera kupeza ngakhale chigoli chimodzi.

A ku Brooklyn amayankha ndi mndandanda womwewo. Matimu adafanana pa 96 ndi 58. Ngati telesikopu idathandiza Giants kupambana masewero amodzi okha amene ikadagonja, pa masewero onse a pakhomo kuyambira pa 20 Julaye, ndiye kuti masewero atatu aja sakadachitika n'komwe, ndipo Branca sakadaitanidwa. Mfundo imeneyi njovuta kuitsutsa. Komatu ilinso ndi msana wake, pakuti Dodgers nayo ikadangopambana amodzi mwa masewero 22 amene idataya, ligi ikadakhala yake, kaya kuli telesikopu kaya kulibe.

Akuluakulu adati mlandu suola. Uwu udatenga pafupifupi zaka 50 kuti ufike pabwalo, ndipo udafika matimu onse awiri atasamuka kale. Chaka cha 1957 chitatha Giants idapita ku San Francisco ndipo Dodgers ku Los Angeles. Bwalo la Ebbets Field lidagumulidwa mu 1960, la Polo Grounds mu 1964.

Khalidwe lakuba zizindikiro silidathere pomwepo. M'chaka cha 2017 timu ya Houston Astros idachita zofanana pogwiritsa ntchito kamera ndipo idatenga World Series. Zitadziwika, akuluakulu a baseball mu Januwale 2020 adailipiritsa madola 5 miliyoni n'kuimitsa mphunzitsi wake ndi mkulu woyendetsa timu kwa chaka chimodzi, ndipo mwini timu adawachotsa ntchito onse awiri. Chikho sadailande. Nayo ligi ya 1951 idatsala m'mabuku monga idathera: Giants 98, Dodgers 97.