Uthenga wa pa foni: tiyambe tafunsa kuti wautuma ndani

Makolo athu akapita ku Joni pa Wenela, kalata inkayenda masabata isanafike kumudzi, ndipo wosiya kulemba ankasanduka mtchona. Lero ife othyola mphesa ku De Doorns, maapozi ku Ceres ndi malalanje ku Citrusdal, kumudzi timayenda nako m'thumba. Tikaweruka timaona pa WhatsApp mmene chimanga chakulira ku Mangochi. Tikatumiza ndalama pa Mukuru kapena Mama Money, amayi amakatapa tsiku lomwelo. Namondwe wa Freddy atawononga ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, ambirife tinadziwira pa foni kuti abale ali moyo kapena atisiya.

Koma pali chimodzi chimene foniyi yatilanda: nkhope ya wamthenga. Kwathu uthenga wa maliro suyenda wokha. Amayamba auza amfumu, kenako n'kutuma munthu wodziwika, amene amafika, kukhala pansi, n'kupereka zovutazo mwaulemu. Masiku ano mnzathu akachita ngozi pa famu, chithunzi chake chimafika kwa mkazi wake pa Facebook akuluakulu asanakumane n'komwe. Uku si kuthandiza, abale. N'kumulasa kawiri wofedwayo.

Akuba nawo apezerapo mpata. Umangoona nambala yachilendo: ndine mlamu wanu, foni yanga yagwera m'madzi, amayi agonekedwa, tumizani msanga. Ena amalonjeza ntchito kapena pemiti, bola uyambe watumiza ndalama ndi chithunzi cha pasipoti. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa ku South Africa anali R28.79 pa ola. Sabata ya maola 45 inali pafupifupi R1,300. Thukuta lonselo limatha ndi chala chimodzi, chifukwa wakubayo amadziwa kuti munthu wakutali akamva za matenda a mayi ake, mtima umathamanga kuposa mutu.

Choopsa china ndi mphekesera. Mu Novembala 2009 anthu a ku Zimbabwe masauzande anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku De Doorns. Mu Malichi 2022 ku Robertson, ogwira ntchito a ku Lesotho ndi a ku Zimbabwe anamenyana polimbirana ntchito za m'mafamu. Pamalo otere, mawu ojambulidwa opanda dzina kapena vidiyo yakalekale yonenedwa kuti ndi ya lero zili ngati machesi pa udzu wouma. Komanso lamulo la Cybercrimes Act limati ndi mlandu kutumiza uthenga wolimbikitsa chiwawa, ngakhalenso kufalitsa chithunzi cha munthu ali maliseche iye asanavomere. Ana athu amene amakhalira foni tiwauze zimenezi.

Sitikunena kuti titaye mafoni, ayi. Foni yomweyo imatiteteza. Jambulani peyisilipi iliyonse, lembani maola amene mwagwira. Bwana akakuchotsani mopanda chilungamo, umboniwo ukakuyankhulirani ku CCMA, kumene salipiritsa, koma dandaulo lifike pasanathe masiku 30. Simu nayo ilembetsedwe pa RICA m'dzina lanu. Ija yogula pamsewu yolembetsedwa kale, ikatayika n'kovuta kuibweza, ndiye nambala imene abale amaidziwa yapita.

Chofunika n'kubwezera pa foni mwambo umene tili nawo kale. Pempho la ndalama likabwera, imbani pa nambala yakale, mumve mawu, mufunse chinthu chodziwa apabanja okha. Nambala yachinsinsi imene imabwera pa SMS musauze munthu, ngakhale atati ndi wa ku banki. Gulu lililonse la WhatsApp likhale ndi akulu awiri kapena atatu olengeza maliro, abale atamva kale. Uthenga wonena za mtundu wina wa anthu, ngati mwini wake sakudziwika, uthere mu foni yanu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuimba foni kumadya ndalama zochepa kuyerekeza ndi malipiro a sabata, ndipo m'bale weniweni sangakwiye kuti mwayamba mwafunsa.