Mphatso ya Carnegie ndi Pangano Lake

Kupereka chuma n'kwapafupi, koma kuchipereka kuti chipindule ndi nkhani ina. Andrew Carnegie, mwini mafakitale a zitsulo ku America, adalipira kumanga nyumba zowerengeramo mabuku zoposa 2,500, kuyambira ndi ya kwawo ku Dunfermline, Scotland, imene idatsegulidwa mu 1883. Sadali kupereka mwachisawawa ayi. Mzinda wopempha udayenera kupeza malo, ndiponso kulonjeza kusonkha chaka ndi chaka gawo limodzi mwa magawo khumi a mphatsoyo, logulira mabuku ndi kulipira antchito. Mizinda ina idakana, ndipo siidalandire kanthu.

Tsono mu 1915 bungwe lake, Carnegie Corporation, lidatuma Alvin Johnson kukayendera nyumbazo. Iye adapeza kuti zambiri zidali zokongola ndithu, koma zidalibe anthu ophunzira ntchito yosamala mabuku.  Mu 1917 bungweli lidaleka kulonjeza nyumba zatsopano, ndipo mu 1926 lidapereka ndalama zoyambitsira sukulu ya osamala mabuku pa yunivesite ya Chicago.